Tsaya la Kumanzere

Amuna anga anadwala sitiroko miyezi iwiri yapitayo. Dzanja ndi mwendo wakumanzere zinafa, pakamwa panapotoka, mawu amatuluka awiri kapena atatu basi, enawo amathera m'malovu. Anayendetsa basi zaka makumi atatu, munthu woti sankatuluka pakhomo asanamete ndevu. Ine sindinayang'anepo mmene ankachitira. Ndinkangomva madzi akukhavuka kubafa, ine ndili kalikiliki kumanga mapoto ndi ndowa zopita nazo kumsika.

Ana tili nawo atatu, onse anachoka. Woyamba, wamkazi, amagwira ntchito mu ofesi, ndiye amene amakumbuka kuimba. Lolemba anaimba foni yoonana nkhope ija, nkuti ndiwalozetse abambo ake.

"Amayi, adadi akuoneka bwanji choncho? Ndevu zonsezo ngati munthu wopanda abale?"

"Ndevu zinapha ndani?"

"Mwatopa amayi, ingovomerani. Lamlungu tikubwera. Tidzawatenga azikakhala kwathu. Kuno kuli wantchito, chipatala chili pafupi."

"Nanga ine?"

"Inu si mumakana kusiya benchi lanu la kumsika?"

Ndinadula foni. Nyumba ino ndi ya zipinda ziwiri, ndipo ngakhale munthu sayankhula, kupuma kwake kumamveka. Akachoka ndiye kuti nditsala ine ndi wailesi. Ndinati Lamlungu adzawapeza atametedwa bwinobwino, adzasowe poyambira.

Wometa wa pakona anakana kubwera kunyumba, akuti sangasiye anthu pamzere. Ndinamuuza mawu awiri atatu, ndinabwerako. Pashelefu ya kubafa ndinapeza lumo la amuna angawo, lachitsulo, lolemera m'manja. Ukapotokola chogwirira, mutu wake umamasuka, leza nkulowa pakati. Leza imene inali momwemo inali itachita dzimbiri. Ndinalikulunga m'kansalu, ulendo kusitolo ya mkulu wina wa magalasi, wogulitsa sopo ndi mafuta odzola.

"Leza ndigula, sopo wometera ndigula, kaburashi komwe. Koma muyambe mwandionetsa pankhope panupo."

"Mayi, ino ndi sitolo, si sukulu."

"Chabwino. Ndikagula kutsidya kwa msewuko. Mnzanu uja ndevu ali nazo zambiri kuposa inu."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenaka anathira madzi a m'fulasiki yake ya tiyi m'kambale, nkukhala pampando kuseri kwa kauntala.

"Poyamba thaulo lofunda, ndevu zifewe. Kenako thovu, lambiri, osaumira. Muone komwe ndevu zagonera, muzitsata komweko, osalimbana nazo. Zala ziwiri zikoke khungu, lumo lizitsika pang'onopang'ono, kufupikufupi, mukatero tsukani. Koma chachikulu, mayi, osakanikiza. Chitsulochi chikulemera kale chokha. Dzanja lanu lingochiperekeza."

"Ndamva."

"Simunamve. Manja anuwo ndikuwaona, ndi okwecha mapoto."

"Inu metani, za manja anga zisiyeni."

Anameta tsaya limodzi lokha, kasitomala nkulowa. Ndinamusiya akugulitsa mafuta, mbali ina yoyera, mbali ina tchire.

Masiku atatu ndinkayeserera pamkono panga ndikaweruka kumsika. Tiubweya tonse tinatha. Ndinadzicheka kamodzi kokha, pafupi ndi chigongono, ndipo ndinadziuza kuti ndadziwa.

Loweruka m'mawa sindinapite kumsika. Ndinawakhazika pampando pafupi ndi zenera, pilo kumsana, beseni patebulo. Ndevu zinali zitatalika, ndiye ndinayamba ndazidula ndi sizasi. Nditawaphimba ndi thaulo lofunda anatsinzina, nkutulutsa mpweya wautali. Zaka zonsezi ndinali ndisanaigwirepo nkhope imeneyi ndi manja awiri. Pansi pa khutu pali kachipsera koti sindinkakadziwa.

Ndinayamba tsaya la kumanja. Ndikangokanikiza pang'ono, iwo ankati "Mm!" nkukwinya diso, ine nkupepuza dzanja. Tinayenda choncho, iwo akudandaula, ine ndikumvera. Tsaya linatuluka losalala, lopanda ndi kachilonda komwe. Pachibwano anayesa okha kukweza mutu, monga ankachitira kale pagalasi.

Ndinazungulira kumanzere. Kumeneko khungu ndi lolendewera, pakona pa mlomo panagwa. Ndinatsitsa lumo kamodzi, anali chete. Kawiri, chete. Mumtima ndinati eya, dzanja lazolowera tsopano. Ndinayamba kuthamanga, mikwasa italiitali, kuchokera kukhutu mpaka kuchibwano, ndi mphamvu yomwe ndimapalira poto wopserera. Madzi a m'beseni anali atayamba kuzizira, ndipo ine zochedwa sindigwirizana nazo.

Ndinazindikira thovu litasanduka lofiirira.

Sanali chete chifukwa ndimameta bwino ayi. Mbali imeneyo samva kanthu. Ndimadziwa zimenezi, ine ndemwe ndimawapukuta malovu amene iwo sawamva akutsika. Koma ndinali nditazolowera kudikira "Mm!" yawo.

Mabala anali atatu, limodzi lalitali ngati chala, kutsika m'chibwano. Ndinakanikiza ndi thaulo. Ndikachotsa, magazi ankayambiranso. Ndinasintha thaulo, kenaka ndinang'amba pilokesi yakale. Panalibe woti ndimuitane. Anthu a nyumba yoyandikana nafe amapita kuntchito ngakhale Loweruka, ndipo foni ndinkangoiyang'ana ili patebulo, osaigwira. Iwo ankangondiyang'ana kumaso, poti ndi pankhope panga pamene ankaonera kuti kwachitika kanthu.

"Galasi," anatero.

"La chiyani? Sindinamalize."

"Galasi."

Ndinawapatsa. Anayang'ana nthawi yaitali, akutembenuza mutu. Kenaka mbali yamoyo ya pakamwa inakwera.

"Liwiro," anatero. "Dalaivala... woipa."

Ndinaseka, misozi ikugwera m'beseni. Magazi anadzaleka patapita pafupifupi ola.

Lamlungu mwana uja anafika ndi mwamuna wake, mkamwini wangayo. Ndinali nditawaveka abambo ake shati yoyera, nkuwakhazika mopendeka kuti tsaya labwino liloze kukhomo. Sizinathandize. Anangolowa, chikwama osaika pansi, nkuzungulira mpando.

"Amayi! Ichi nchiyani?"

"Ndawameta. Si umati akuoneka ngati opanda abale?"

"Mukudziwa kuti mapiritsi akumwawa amachedwetsa magazi kuuma? Adokotala ananena inu muli pomwepo! Chikhala munacheka pakhosi?"

Adokotala ananenadi zambiri tsiku limenelo, m'chizungu chawo chothamanga, ine ndinatolapo zoti kawiri patsiku akatha kudya. Mkamwini anaima pakhomo akuseweretsa makiyi a galimoto, maso ali padenga.

Ndinagwada pafupi ndi mpando. "Abambo ake, nenani nokha. Mukufuna kupita?"

Ndinkati apukusa mutu. Anakweza dzanja lamoyo lija, nkundiloza pachifuwa.

"Watopa," anatero.

Ndinadzuka, mawondo akulira. Ndinalowa kuchipinda, ndinatenga chikwama, nkuyamba kupinda zovala zawo. Mwana ananditsatira.

"Amayi, musakwiye."

"Sindinakwiye. Koma tamvera. Nkhope yawo wantchito wakoyo asaigwire. Ndizibwera ndekha kudzawameta, tsiku lililonse."

"Tsiku lililonse? Ndi mabasi awiri amayi. Ndiponso kunyumba kuli makina amagetsi, sacheka munthu."

"Makina akowo uzimetera mwamuna wako. Kanayi pasabata."

"Kamodzi, Lamlungu, tizidzakutengani."

"Katatu."

"Kawiri. Koma mabala ayambe apola, ndipo ine ndizikhalapo."

"Kawiri, Lachitatu ndi Lamlungu. Uzikhalapo, koma pakamwa potseka. Madzi ndikawapeze ofunda."

Anavomera. Kumsika ndikagonja chotere ndimadziwa kuti ndaluza, koma apa panalibe poti ndikakamire.

Awiriwo anawanyamula abambo ake mpaka m'galimoto. Ndinawakonzera kolala, ndinauza mkamwini kuti ayende pang'onopang'ono pamabampu. Amuna anga anakhala mbali ya zenera, tsaya la mabala lili kwa ine, ndipo sanathe kutembenuka kuti andione. Galimoto inakhota pakona ya wometa uja.

Ndinalowa m'nyumba, nkutseka chitseko. Kunali kudakali masana, ndipo Lachitatu linali kutali.