Chinenero cha Anthu Awiri

"Mwaphonyanso, mlamu. Mneni amabwera koyamba," mlongo wake wa telala anatero, uku akuseka mpaka tiyi kutayikira patebulo.

Mkazi wa telala anaika ketulo pansi mwamphamvu. Chibwerereni mlongoyu kudzakhala nawo, pakhomopo pankamveka chinenero chimene iye ndi mchimwene wakeyo anapeka ali ana. Ankachiyankhula pa chakudya, pa makina osokera, ngakhale pamaso pa alendo, mkaziyo, mwini nyumba, ali duu ngati mpando. Zinkamuwawa kwambiri. Ndiye anayamba kutola mawu amodziamodzi akamasita zovala za makasitomala, mpaka lero anayesa kupempha shuga m'chinenerocho.

"Dzulo munati mneni amakhala kumapeto," mkaziyo anatero.

"Linali dzulo limenelo."

"Kodi malamulo anuwa amasintha ndikangotsegula pakamwa?"

"Mutu wanu ndiye wouma, musanamizire malamulo. Kaphunzireni kusita kolala kaye."

Mkaziyo anatembenukira kwa mwamuna wake, amene anali kalikiliki kulowetsa ulusi pa singano yoti inali kale ndi ulusi.

"Bambo, yankhulani. Ndalakwitsa kapena ayi?"

Telala anakanda m'mutu. Munthuyu nsalu ankadula mosaopa, koma nkhani ankaizungulira.

"Simunalakwitse," anayankha motsitsa mawu. "Umo ndi mmene timanenera."

Mlongoyo anaimirira, maso ali psu.

"Achimwene, mwampatsa? Chija tinkabisalamo bambo akabwera ataledzera, mwampatsa munthu wobwera? Chinenerochi n'cha anthu awiri!"

"Nyumba inonso ndi ya anthu awiri," mkaziyo anatero. "Chikwama chanu chili pansi pa bedi."

Anayembekezera kuti mwamuna wake aletsa. Sanaletse. Mlongoyo analongedza akumenyetsa zitseko, ndipo potuluka ananena mawu pang'ono m'chinenero chija, mwaliwiro moti mlamu wakeyo sanatolepo kanthu. Telala anangowerama.

M'mawa mwake nyumba inali zii, kumangomveka makina. Mkaziyo anabweretsa tiyi, mtima uli m'malo. Anaima pambali pa mwamuna wake n'kumupatsa moni m'chinenero chija, mawu aliwonse pamalo pake, mneni kumapeto.

Phazi la telala linaima pa chopondera. Sanadzutse mutu.

"Ndadzuka bwino," anayankha m'chiyankhulo cha aliyense, monga amayankhira kasitomala. "Ikani pomwepo tiyiyo."