Botolo la Dinala

Che Nasir a ku Nkopola atagula mayikulowevu, makina otenthetsera chakudya, anaipititsa m'nyumba mwa mkazi wamng'ono, Sumaiya. Zena, mkazi wamkulu, anangoiyang'ana ikudutsa pakhomo pake, osanena kanthu. Pamitala kukhala chete kwa mtundu umenewo anthu amakuwerengera, ndipo Sumaiya anakusunga mumtima.

M'mawa uliwonse Sumaiya ankatenthetsa mkaka m'makinamo, kumwetsa khanda lake Dinala mothamanga, n'kulisiya kwa Zena, iye ulendo kokagulitsa usipa ku boma. Zena analibe mwana, ndipo ankamubereka Dinala tsiku lonse ngati wake.

Kenako mwana anayamba kukana bere. Kuchipatala namwino anamutsegula kukamwa n'kupeza timatuza palilime. Anati mwanayo wapsa ndi chinthu chotentha.

Sumaiya sanafunse zambiri, yankho anali nalo kale. Ndani amaswera ndi mwanayo? Ndani wakhala zaka zonsezi manja ali lende? Anayamba kununkhiza masipuni a Zena, kusuzumira m'mapoto mwake, kubwerera panjira mwadzidzidzi ati waiwala chenje. Sanapeze kanthu, ndipo kusapezako kunangomutsimikizira kuti mayiyo ndi wochenjera. Munthu akafuna kukayikira mnzake, ngakhale moni amamumva ngati chiwembu.

Nkhani inafika kumsika, n'kubwerera kwa Che Nasir itanenepa. Bamboyo, amene amaopa phokoso kuposa mwera, anati ankhoswe abwera Lachisanu, ndipo zikatsimikizika Zena apita kwawo ku Makanjira.

Lachinayi Sumaiya sanapite ku boma. Anatenthetsa botolo yekha, naligunditsa patsaya monga mwa masiku onse. Linali lofunda bwinobwino. Anakhala pakhonde dala, kuti mkazi mnzakeyo aone mmene mayi weniweni amamwetsera mwana.

Zena ankasesa pabwalo. Anaima, maso ali pa botolo, chifukwa pansonga pake pankatuluka kanthunzi. Anataya tsache n'kulitsomphola lisanafike pakamwa pa mwana.

"Pamaso panga penipeni, achemwali?" anatero Sumaiya mwaukali. "Lero ndiye mwadziulula."

Zena anapendeketsa botolo. Anadonthetsa mkaka pamkono pake, nkhope n'kukwinyika. Kenako anagwira dzanja la Sumaiya n'kudonthetsanso. Sumaiya analichotsa msangamsanga. Unali moto.

"Botolo likukunamizani, kunja lofunda, m'kati mukuwira," anatero Zena. "Ine ndimaliviika m'madzi otentha, n'kulikhutchumula, n'kuyamba ndalawitsa mkono wanga. Inu mumatero?"

Sumaiya anayang'ana kukamwa kwa mwana wake, ndipo manyazi ndi chisoni zinamugwira. M'mawa uliwonse Dinala ankalira pomwa, iye n'kumati ndi matukutuku, n'kumukakamiza kuti minibasi ingamusiye.

"Ndikawauza bambo aimitse ankhoswe," anatero motsitsa mawu. "Ndikanenanso kumsika. Ndinalakwa, achemwali."

"Ankhoswe asiyeni abwere, andiperekeze," anatero Zena.

"Koma nkhani yatha."

Zena anakhutchumula botolo, kuliyesanso pamkono, n'kudikira. Litazizira anamutenga Dinala, kumumwetsa pang'onopang'ono mpaka anagona, n'kumubwezera m'manja mwa mayi ake.

"Lilime la mwana lipola sabata ino," anatero. "Koma bambo anamva kuti ndimawotcha khanda, ndipo sanabwere kudzandifunsa. Anangoitana ankhoswe. Ine pakhomo pano ndikhalirenso ndani?"