Makalata a Verdell Maybank

Renata anakankhira pambali mbale yanga ya payi, keke ya mbatata imene ndimaphika, n'kuyala mapepala awiri patebulo, limodzi pafupi ndi linzake, mmene ndimayalira nsalu ndisanadule.

"Mayi Earline, tavalani magalasi. Ndikufuna muone chinachake."

Ndinali nditaona kale. Lakumanzere linali chithunzi cha kalata imene woimba Verdell Maybank anatumizira meya wa tauni ina ya ku Georgia mu 1964, kumuuza kuti sadzaimba m'holo imene anthu akuda ankawakhazika kuseri kwa chingwe. Lakumanja linali fomu imene ndinalemba ndekha milungu isanu m'mbuyomo, yolola kuti nkhope yanga ioneke mufilimu ya moyo wa Verdell imene Renata ankakonza. Panali dzina langa, adiresi ndi tsiku.

"Taonani chilembo ichi mmene chapendekera," Renata anatero, chala chikudumpha kuchoka papepala lina kupita pa linzake. "Ichinso. Dzanja ndi limodzi ili."

"Tonse a nthawi imeneyo tinkalemba choncho. Aphunzitsi ankayenda ndi rula."

"Ndaona makalata a anthu makumi atatu a nthawi imeneyo. Palibe wina wolemba chonchi."

A Hollis, amene ankajambula mawu, anali akukulunga nthambo pakona. Anasiya. Gil wa kamera anayamba kupukuta galasi limene anali atapukuta kale.

"Khofi wazizira," ndinatero, n'kunyamuka.

Kukhitchini ndinateleka khofi wina. Verdell ndinamusokera zovala zaka makumi atatu ndi chimodzi, kuyambira akuimba m'timabala ta ku Memphis mpaka dzina lake litalembedwa ndi magetsi ku New York. Dziko linkamudziwa ndi mawu ake ogwedeza denga komanso makalata ake olasa mtima. Ine ndinkadziwa chinthu chimene amuna ake onse awiri anapita kumanda osachidziwa: Verdell sankatha kuwerenga. Anakulira m'minda ya thonje, kusukulu ankapita tsiku la mvula lokha. Chimene ankatha n'kusaina dzina lake basi, ndipo ankalisaina mwamatama moti palibe akanakayika.

Ndinazitulukira mwezi woyamba wa ntchito. Katatu konse anandipatsira pepala n'kunena kuti maso akumuwawa. Kachitatuko ndinamuyang'ana motalikitsa. Anatseka chitseko, n'kundigwira pamkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Earline, ukadzangouza munthu, ndidzakudzukira ngakhale nditawola."

"Ndani angandifunse ine? Ndine wosoka chabe."

"Lumbira, iwe."

Ndinalumbira, ndipo tinapeza njira zathu. Nyimbo yatsopano ikabwera, ndinkagwada kumapazi ake ngati ndikupinda mpendero wa diresi, pepala lili pansi, n'kumamuwerengera chapansipansi mapini ali kukamwa. Akamva kawiri, basi yalowa. Kulesitilanti ndinkadandaula mokweza kuti ndasowa chosankha pakati pa mlamba wokazinga ndi nthiti za nkhumba, iye n'kuitanitsa ngati wadziwerengera. M'sitima ankatambasula nyuzipepala pamaso pa anthu, ine nditakhala pambali pake. Ndikatsokomola, ankatembenuza tsamba. Pa makalata ndiye ankazungulira m'chipinda cha hotelo ali ndi pitikoti basi, akukalipa. "Muuze kuti ndi galu wachabechabe!" Ine n'kulemba kuti bambo meya, adzukulu anu adzakufunsani za chingwe chanucho. Ndikamuwerengera ankaseka mpaka misozi. "Eya! Si zomwe ndanena zimenezo?"

Renata ananditsatira kukhitchini. Anali mkazi wa zaka makumi anayi ndi zingapo, wolankhula mofatsa koma wosataya chinthu akachigwira.

"Sindikukukakamizani, Mayi Earline. Koma ngati makalata aja munkalemba ndinu, filimuyi si ya munthu mmodzinso, ndi ya anthu awiri. Tikhala nanu mpaka Epulo. Tipita nanu ku Memphis, ku Georgia, kulikonse kumene munayenda naye. Anthu akudziwani."

"Nanga ngati sindine?"

"Ndiye kuti tamaliza. Lachisanu tidzangojambula zotsala n'kutsanzika."

Za kudziwikazo zinangodutsa. Chimene chinandilowa ndi mawu akuti akhala nane mpaka Epulo, ndipo apa n'kuti tili mu Novembala. Ndinene mosabisa, ndinali ndekha koopsa. Mng'ono wanga amene ndinkakhala naye m'nyumba iyi ya ku Toledo anali atamwalira zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Anzanga a kutchalitchi ankatha mmodzimmodzi, otsalawo ana awo anawatengera kumadera otentha. Foni ikalira ankakhala munthu wotsatsa mawindo, ndipo masiku ena ndinkamusiya alankhule mpaka atope yekha. Kenaka kunabwera anthu atatuwa ndi zikwama zawo, Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, kudzasuntha mipando yanga, kuzimitsa firiji kuti isasokose, kudya payi wanga wa mbatata. Nkhani yoti ithe mphindi zisanu ndinkaikoka mpaka ola, mwadala, kuti asamalize msanga.

Pochoka tsiku limenelo, a Hollis ndinawapeza pakhonde akumanga zikwama. Anali bambo wa imvi, wamimba, ndipo mwa atatuwo ndi iwo okha amene ankapukuta nsapato polowa.

"Mayi Earline, payi uja watsalako? Kapena mwandimana chifukwa cha mafunso a abwana anga?"

"Inu a Hollis, mimba imeneyo mudzatha kuinyamula? Lamba akulira uyo."

"Ameneyu analira kalekale, pano anazolowera."

Ndinawapatsa kachidutswa kamene ndinali nditawakulungira. Anakanunkhiza, kenaka anatsitsa mawu.

"Ntchito imeneyi ndaigwira zaka makumi atatu, mayi. Ndamvera amasiye, oimba ng'oma, madalaivala, ana amene bambo awo otchuka anawakana. Mahedifoni angawa amandimvetsa ngakhale munthu akameza malovu. Lero mwameza kanayi."

"Ndiye kaneneni kwa abwana anuwo."

"Ine anandilemba ntchito yomva, yonena ayi." Anakoleka chikwama paphewa. "Koma ndikuuzeni chimodzi. Anthufe timachoka ndithu. Kaya Lachisanu, kaya Epulo, timachoka. Musatiwerengere ngati abale."

"Ndani wakuwerengerani? Anthu ongodetsa kapeti inu."

Anaseka n'kutsika masitepe. Ine ndinaima pakhomo mpaka galimoto yawo inakhota pakona, ndipo mawu awo anandipweteka chifukwa anali oona.

Lachitatu ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, kukonzekera ulendo wa ku Memphis. Lachinayi ndinakhala pamakina kukonza diresi langa labuluu, ndikukangana ndi Verdell mokweza ngati wakhala pampando wa pawindo. Ndinamuuza kuti wagona m'manda zaka khumi ndi zitatu, manyazi sangamupezenso kumeneko. Ndinamuuza kuti masiku ano anthu atamva angamukonde koposa kale. Ndinamukumbutsa za tsiku limene ndinaima pamzere kunyumba yosungira zinthu zakale, n'kulipira pakhomo kuti ndikaone kalata yanga yomwe ili m'bokosi lagalasi, mphunzitsi wina akuuza ana kuti taonani dzanja la mkazi wolimba mtima. Iye anali ndi maholo odzaza anthu, ine ndinali ndi mapini kukamwa. Ndinakwiya, ndipo mkwiyowo unandikomera. Dzuwa lisanalowe ndinali nditatsimikiza kuti mawa ndinena zonse.

Lachisanu anafika cha m'ma teni m'mawa. Gil anayatsa nyali zake, a Hollis anandimata kamaikolofoni pakolala, Renata anakhala moyang'anana nane, kompyuta ili pamiyendo.

"Tisanayambe, ndakupezerani mphatso. Yafika dzulo, kanema wa mu 1967. Inunso mulimo, ngakhale ndi chigongono chokha."

Anatembenuza kompyutayo. Munali m'sitima. Verdell anali atavala chipewa cha nthenga chimene ndinamukonzera, nyuzipepala ili yotambasula, mutu uli m'mwamba. Kumbali kunkaoneka mkono wa malaya anga otuwa. Mtolankhani wosaoneka ankafotokoza kuti Mayi Maybank sayamba tsiku asanawerenge nkhani za dziko. Kenaka ndinamva chifuwa changa chomwe, cha mtsikana amene ndinali kalelo. Verdell anatembenuza tsamba.

Zaka zonse zija ine ndinkakhala pambali pake. Nkhope yake pa nthawi ngati imeneyo ndinali ndisanaionepo chakumaso. Apa kamera inali itamuyandikira. Maso ake sankayenda m'mizere. Anali ataima malo amodzi, akudikira, ndipo ndisanatsokomole anathawira kumbali yanga kamodzi, mwachangu, ngati a mwana amene wasochera pamsika. Ine ndinkayesa ndi masewera athu, tikupusitsa azungu a m'sitima. Chonsecho mnzanga ankafa ndi mantha tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale ine sanandiuzepo.

"Koma ndiye anali wokongola," Renata anatero. Iye sanaone kanthu, anangoona chipewa. Anatseka kompyuta n'kukodola Gil kuti ayambe.

"Mayi Earline, makalata a Verdell Maybank ankalemba ndani?"

Ndinayang'ana kadiso ka kamera. Ndinaganiza za sutikesi imene inali yotsegula pabedi, ndi za miyezi yachipale imene inkabwera, ya mazenera otseka ndi msewu wopanda munthu.

"Ankalemba yekha. Mwanangu, iwe wazitembenuza. Ine ndinafika kwa Verdell ndikulemba ngati papalasa nkhuku. Iye ndiye anandikhazika pansi m'mahotelo, kundigwira dzanja, chilembo ndi chilembo, mpaka ndinatengera kalembedwe kake. Mkazi uja ankamaliza nyuzipepala ziwiri tisanamwe khofi."

Renata sanakhutire. Anafunsanso mwanjira ina, kenaka mwanjira inanso, monga amachitira. Bodza langa linkangonenepa. Ndinalipatsa ngakhale mtundu wa cholembera ndi dzina la hotelo. Anandikumbutsa mofatsa kuti mwayi ngati uwu subweranso, kuti filimu ikatuluka yatuluka. Ndinati ndikudziwa. Pamapeto pake anatseka kabuku kake.

"Chabwino. Zikomo kwambiri, Mayi Earline, mwatithandiza koposa. Ndiye kuti tamaliza."

Thwelofu inali isanakwane n'komwe. Payi anali akadali mu uvuni. Gil anatambasula dzanja kuti azimitse nyali.

"Aliyense akhale pomwe ali," a Hollis anatero. "Phokoso la chipinda. Mphindi imodzi."

Umenewu unali mwambo wawo akamaliza kujambula. Amati chipinda chilichonse chili ndi kamvekedwe kake ngakhale anthu atakhala chete, ndiye amajambula batalo kuti akamatire mipata ya pakati pa mawu. Palibe woyenda, palibe wolankhula, palibe wotuluka. A Hollis ankakweza dzanja, mphindi ikakwana n'kulitsitsa, ndipo sankaphonya ngakhale sekondi imodzi.

Anakweza dzanja. Tinakhala anthu anayi m'chipinda changa chochezera, zii, nyali zikundiotcha kumaso. Ndinkamva kupuma kwa Gil kumbuyo kwa kamera. Ndinayang'ana wotchi yamagetsi ya pakhoma, ija yosalira. Muvi wofiira unazungulira pang'onopang'ono n'kubwerera pamene unayambira.

Dzanja silinatsike.

Renata anayang'ana wotchi ya pamkono pake, kenaka anayang'ana a Hollis. Iwo anali atatsinzina, mahedifoni ali m'makutu, nkhope ili ya munthu amene watanganidwa ndi ntchito yovuta. Nditazindikira kuti akuchedwetsa dala kuti asandisiye msanga, misozi inayamba kunditsika, ndipo sindikanatha kuipukuta chifukwa malaya akanakhudza kamaikolofoni. Muvi unadutsa kachiwiri. Gil ananyamula phazi, n'kulibwezera pomwe linali. Renata anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Muvi unayamba kuzungulira kachitatu, dzanja la a Hollis likadali m'mwamba, chigongono atachichirikiza ndi dzanja linalo.