Mabwalo Amene Aphunzitsi Anasankha

Anali anthu anayi amene ankasewera gofu limodzi Loweruka lililonse: aphunzitsi a masamu, alamu awo a ku kampani ya inshuwalansi, adokotala a mano, ndi mkulu wina wogulitsa matayala amene anzake ankangomutcha a Kamodzi. Dzinali linabwera chifukwa tsiku lina, zaka khumi zapitazo, anamenya mpira kamodzi kokha n'kukalowa m'dzenje, ndipo chiyambireni nkhaniyo sinachoke pakamwa pawo.

Kwa zaka ziwiri anayiwa ankapangana zopita kunja kukasewera sabata yathunthu. Matikiti a ndege anali atagula kale. Chotsala chinali kusankha mabwalo, ndipo ntchitoyi anaitula kwa aphunzitsi poti ndiwo anali odekha pa zolembalemba. Adokotala anali ataneneratu zofuna zawo: mabwalo atatu otchuka, aja amaonetsa pa kanema nthawi ya mipikisano ikuluikulu.

"Munthu sungakhale m'ndege maola khumi kuti ukasewere pomwe amasewera wina aliyense," ankatero.

Lachiwiri madzulo aphunzitsi anali pa tebulo lodyera, laputopu ili patsogolo, magalasi atatsetserekera kunsonga ya mphuno. Akazi awo anabwera n'kukhala moyang'anana nawo, kansalu kopukutira mbale kali m'manja.

"Abambo, pali nkhani. Koma isatuluke m'nyumba muno."

"Yavuta n'chiyani, amayi?"

"Achimwene ntchito inawathera. Uno ndi mwezi wachitatu."

Aphunzitsi anavula magalasi. Alamu awo anali atasewera nawo Loweruka lomwe lapitali, akuseka, mpaka kugulira onse zakumwa.

"M'mawa uliwonse amamanga tayi, amakwera galimoto, n'kukakhala ku laibulale mpaka faifi koloko," anapitiriza akazi awo. "Amene tikudziwa ndi ine ndi akazi awo basi."

"Ndiye ulendowu angousiya."

"Mukuwadziwa achimwene inu. Angalolere kugulitsa galimoto kusiyana n'kuti adokotala aja amve. Ndipo musaonetse kuti mukudziwa, chonde. Anandilumbiritsa."

Aphunzitsi anayang'ana pa laputopu. Kusewera kamodzi pa bwalo limodzi la adokotala lija kunkafuna ndalama zoti banja likhoza kudyera mwezi wonse. Ndipo mabwalowo anali atatu.

Masiku atatu otsatira anawathera pofufuza. Pa nthawi yopuma kusukulu, anzawo akumwa tiyi, iwo ankakhala pakona ya chipinda cha aphunzitsi ndi foni ndi kapepala. Anaphunzira kudumpha masamba oyamba, omwe ali ndi zithunzi zowala, n'kupita kumapeto kwenikweni kumene eni dera amakambirana okhaokha. Kumeneko anapeza mabwalo asanu.

Awiri anali a m'mphepete mwa nyanja yamchere, aja osewera amawatcha malinkisi: pamchenga, popanda mtengo ngakhale umodzi, mphepo yokhayokha. Limodzi mwa awiriwo udzu wake unkadulidwa ndi nkhosa, ndipo pozungulira dzenje lililonse panali waya kuti nkhosazo zisapondeponde. Ndalama munthu ankaika mu envulopu n'kuponya m'bokosi la pakhomo. Atatu enawo anali a kumtunda, a mitengo ikuluikulu ndi kapinga wofewa. Lina linali kuseri kwa fakitale ya mkaka, ndipo mtengo wake unkatsika ndi theka ikangokwana 2 koloko masana.

Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali chakuti palibe munthu wodziwika amene anakafikako. Tsamba la pa intaneti la bwalo lina linali lisanakonzedwe kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Anaimba foni katatu osayankhidwa. Kachinayi anayankha mayi wachikulire, galu akuuwa chapafupi, ndipo pa kalankhulidwe kake aphunzitsi anangotolapo mawu ochepa.

"Mungatilembere kakalata kotsimikiza kuti malo athu alipo?" anafunsa.

Mayiyo anaseka. Anati kumeneko salemba makalata, angobwera, bwalo silithawa.

Aphunzitsi anadula foni. Bwanji akafika n'kupeza pamalopo anamangapo nyumba? Bwanji adokotala akaponda ndowe za nkhosa ndi nsapato zawo zoyera zija? Koma choopsa kuposa zonse chinali funso limene ankadziwa kuti lifunsidwa: chifukwa chiyani? Iwo sanazolowere bodza. Ana a m'kalasi mwawo ankadziwa kuti aphunzitsi akafuna kunamiza munthu, khutu lakumanzere limayamba kuyabwa.

Loweruka anasewera moipa kwambiri. Mipira itatu inathera m'dziwe. Atamaliza, anayiwo anakhala pakhonde la kalabu monga mwa nthawi zonse, ndipo aphunzitsi anagawa mapepala amene anasindikiza kusukulu.

Adokotala anawerenga mpaka pansi, n'kutembenuza pepala kuona ngati kuseri kuli zina.

"Aphunzitsi, mayina awa ndi a mabwalo kapena a mankhwala a chifuwa? Sindinamvepo ngakhale limodzi."

"Ndiye ubwino wake umenewo, adokotala. Mabwalo otchuka aja anthu amachita kudzazana. Amakuthamangitsa ngati uli pamzere wa kubanki. Awa tikasewera mwakufuna kwathu."

"Apa palembedwa nkhosa," anatero a Kamodzi akuloza ndi chala. "Nkhosa zenizeni? Zikameza mpira timawerenga bwanji?"

Alamu anaseka nawo, koma maso awo sanachoke pa mzere wa mitengo ya mabwalowo. Aphunzitsi anawaona akuuwerenga kawiri, milomo ikugwedezeka pang'ono.

"Gofu anayambira pa malo ngati amenewa," anapitiriza aphunzitsi, dzanja likupita lokha kukhutu. Analibweza msanga n'kugwira botolo. "Akatswiri enieni amati..."

"Akatswiri ati?" anadula adokotala. Kenako anatsamira kumpando n'kuwayang'ana nthawi yaitali, monga amayang'anira dzino lobooka. Mawu awo anafewa. "Aphunzitsi, tadziwana kalekale. Tisazungulire. Ngati m'thumba mwavuta, nenani. Malipiro a uphunzitsi tonse timawadziwa. Palibe chamanyazi."

Woperekera zakumwa amene ankabwera ndi thireyi anabwerera panjira. Pa zaka makumi atatu za ntchito aphunzitsi anali asanapemphepo kanthu kwa munthu. Sanayerekeze kuyang'ana kumene kunali alamu awo.

"Ndi zoona," anatero. "Chaka chino chandivuta."

"Basi! Nkhani yake yomweyo?" Adokotala anamenya tebulo mosangalala. "Ndiye tichite chonchi. Mabwalo anu a nkhosawa tisewera anayi, palibe vuto. Koma Lachinayi tikasewera pa bwalo lenileni, limodzi lokha, lalikulu lija. Zanu ndilipira ine. Enafe aliyense adzionera yekha. Si choncho, akuluakulu?"

"Zamveka," anatero a Kamodzi.

"Palibe vuto," anatero alamu, mawu ali phee.

Mtima wa aphunzitsi unagwa. Manyazi anali atawasenza, koma katundu anatsalabe pamutu pa mwini wake. Bwalo lalikululo ndilo linali lodula kuposa onse, ndipo linkafuna kulipiriratu pasanathe sabata. Anayesa kunena kuti sangalandire mphatso yotere, koma adokotala anali atayamba kale kufotokoza za jekete la mvula limene anaitanitsa.

Tsiku limenelo aphunzitsi anabwera pa galimoto ya alamu awo, choncho pobwerera anakwera limodzi. Ndodo za gofu zinkagundana kumbuyo. Anadutsa maloboti awiri wailesi ikulira. Pa achitatu, alamu anazimitsa wailesi.

"Mlongo wanga uja pakamwa pake sipasunga madzi."

"Mukunena chiyani, alamu?"

"Khutu lanulo mulisiye, lituluka magazi." Anapumira m'mwamba. "Inu chaka chino mwamaliza kulipirira mwana ku koleji. Chakuvutani n'chiyani? Ndakhala pamenepaja ngati chitsa, munthu wamkulu akudzivula chifukwa cha ine."

"Sindinafune kuti..."

"Ndikudziwa."

Galimoto ya kumbuyo inaliza hutala, magetsi anali atasintha. Alamu anayendetsa pang'onopang'ono mpaka pageti la aphunzitsi, koma injini sanazimitse.

"Bwalo la kuseri kwa fakitale lija," anafunsa, "mwati ikakwana 2 koloko ndi theka la mtengo?"

"Eya. Koma sindinalione ndi maso, alamu. Mwina ndi dambo chabe."

"Mutisungitsire malo kumeneko Lachinayi. Anthu awiri."

Lolemba m'mawa alamu sanapite ku laibulale. Anapita ku chipatala cha mano, anadikira pabenchi pamodzi ndi odwala, ndipo itafika nthawi yawo analowa n'kutseka chitseko. Zimene anakambirana aphunzitsi sanazimve. Anangolandira uthenga wa pafoni wochokera kwa adokotala masana ake: "Mwandipusitsa bwino. Lachinayi ine ndi a Kamodzi tipita ku bwalo lalikulu lija, inu ndi alamu anu ku la kufakitale. Enawo tonse limodzi." Aphunzitsi anauwerenga kangapo osadziwa ngati munthuyo wakwiya kapena ayi. Loweruka lotsatira adokotala sanaitchule nkhaniyo, koma nthabwala za malipiro a uphunzitsi zinatheratu, ndipo zakumwa aliyense anagula zake.

Ulendo unachitika mwezi wotsatira. Mabwalo onse asanu analipodi, ngakhale kuti lina analisaka kwa ola lathunthu chifukwa chikwangwani chake chinagwa ndi mphepo. Pa bwalo la nkhosa adokotala anadandaula kuyambira dzenje loyamba mpaka lachisanu, kenako anamenya mpira wabwino kwambiri pa moyo wawo wonse, mphepo ikuuthandiza, ndipo anaiwala zodandaula.

Lachinayi masana aphunzitsi ndi alamu awo anatsika basi pafupi ndi fakitale ya mkaka. Bwalolo linali laling'ono, laudongo, mitengo yake yakalekale. Kutsogolo kwawo kunkasewera madona awiri okalamba okoka tingolo ta ndodo, osafulumira n'komwe.

Alamu anali ndi foni m'thumba la malaya, chinthu chimene kale ankadzudzula anzawo akachita. Asananyamuke kwawo anakayesedwa ntchito pa kampani ina yaing'ono, ndipo anawauza kuti yankho libwera sabata imeneyo. Akamenya mpira ankagwira pathumba. Aphunzitsi nawo anapezeka kuti akumvetsera foni ya eni ake m'malo moyang'ana mpira wawo.

Foniyo inalira pa dzenje la khumi ndi chinayi, alamu atakweza kale ndodo. Anaponya ndodoyo pansi n'kupita pansi pa mtengo, atatembenukira kumbali. Aphunzitsi anaima pomwepo, akuwerenga masamba a pa kapinga. Patapita mphindi ziwiri alamu anabwerera.

"Ati bwanji?"

"Ati ndipitenso Lachitatu. Tatsala anthu awiri." Anatola ndodo n'kuipukuta pa buluku. "Mnzangayo akuti ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka makumi awiri."

Aphunzitsi anacheuka. Kumbuyo kwawo kunali kutafika anthu ena atatu, ataima mwaulemu kudikira.

"Menyani, alamu," anatero. "Tikuchedwetsa anthu."

Alamu anaima bwinobwino n'kumenya. Mpira unapita kumanja, m'mitengo, ndipo awiriwo ananyamula zikwama zawo kukaufuna.