Manja a Mayi Chimwaza

Mwa onse osamalira okalamba m'makomo mumzinda wa Rockville, panalibe wofanana ndi Mayi Janet Chimwaza. Koma kuti kampani imene ankagwirako ntchito isalandidwe laisensi, wantchito aliyense ankayenera kuonetsa pamaso pa namwino, chaka ndi chaka, kuti angathe kunyamula wodwala pabedi. Chaka chino manja a Mayi Chimwaza ananjenjemera, chidole choyeserapo nkugwa pansi.

Tasila, mwini kampaniyo, wa ku Lusaka, anawatsatira panja.

"Amai, musavutike, nizasaina kuti mwapasa. Mudala uja mumasamalira, ba Lewis, sakudya ngati kulibe imwe."

Mayi Chimwaza anayang'ana manja awo kwa nthawi yaitali.

"Mwana wanga, lero ndagwetsa chidole. Mawa ndidzagwetsa a Lewis. Usasaine. Ndipita ndikawatsanzike ndekha."