Pensulo pa Mimba ya Kabwato

Mkulu wina anali kalipentala wopuma pa ntchito, koma manja ake sanapume. Akatsinzina n'kuyendetsa chikhatho pa thabwa, ankapeza pokhakhala pomwe ena akulumbira kuti pasalala. Akapapeza, ankasolola pensulo kukhutu n'kupazunguliza kamzere. M'shedi mwake munali lamulo limodzi lokha: pomwe pali pensulo vanishi sapakidwa, ndipo chinthu sichituluka pakhomo chisanathe.

Nkhani ya kabwato inayamba ngati nthabwala. Mwana wake, mzime, yemwe anali namwino ku mzinda wakutali, anamutumizira chithunzi pa foni ali m'kabwato kowonda ka munthu mmodzi, kopalasa ndi nkhafi ya mbali ziwiri. Ati dzina lake kayaki. Kanali ka pulasitiki, kobwereka. Mkuluyo anapsa mtima ngati wina wamutukwana. Mwana wa kalipentala n'kumakwera beseni? Pofuna kumupangira kake ka matabwa, anang'amba timatabwa towonda n'kumatimata ndi guluu kamodzikamodzi, mpaka kabwato kanagona chovundikira pa mabenchi awiri, pomwe malemu mkazi wake ankayanika zovala mvula ikamagwa.

Mzime anabwera pa tchuthi kudzathandiza kukwecha. Pofika ananeneratu: "Ababa, vanishi akangouma tikamangirira pamwamba pa galimoto, ine ulendo."

Mawu amenewo mkuluyo anawasunga mumtima.

Ntchito inayenda bwino, mwinanso bwino kwambiri. Ankanyowetsa mimba ya kabwato ndi kansanza kuti tiubweya ta thabwa tidzuke, likauma n'kukwecha ndi sandipepa wofewa, motsata mizere ya mtengo. Fumbi linkayeretsa tsitsi la mzime, bambo ake n'kumamuseka kuti wakalamba asanakwatiwe. Mwanayo ankang'ung'udza kanyimbo pokwecha, ndendende mayi ake. Pa shelefu pankakhala makapu awiri a tiyi m'malo mwa imodzi. Mlendo ndi mame, akuluakulu sananame, koma inu, mwana wobala wekha n'kusanduka mame? Mkuluyo ankamusowa mwanayo ali naye pomwepo.

Kabwato kanasalala, ndipo mkuluyo anadziwa. Komabe m'mawa uliwonse, mzime akadali kusamba, ankalowa m'shedi n'kuzunguliza timizere tatsopano, apa ndi apo. Mzime ankangotenga sandipepa osafunsa. Foni yake inkalira, akuntchito akufunsa kuti abwerera liti, iye n'kumayankha kuti pangotsala pang'ono.

Tsiku lina mzime anatsinzina monga anamuphunzitsira bambo ake, nayendetsa chikhatho pa kamzere kena.

"Ababa, apa mwalembapo chiyani?"

"Pali kachotupa."

"Kachotupa? Koma abale! Manja ogona ndi anga kapena anu?"

"Iwe, ine ndinayamba kugwira thabwa usanabadwe."

Mzime anagwira chala chachikulu cha bambo ake n'kuchidinikiza pamalopo. Thabwa linagonja pang'ono. Linali litapyapyala.

"Tikakwechanso tiboola," anatero motsitsa mawu.

Mkuluyo manyazi anamugwira mpaka kumapazi. Moyo wake wonse sanaonongepo thabwa la munthu, lero ankadya bwato la mwana wake ndi sandipepa kuti mwanayo agone m'nyumba usiku wina umodzi. Nanga madzi akadzalowera pamenepo, mwana ali pakati pa mtsinje? Anafufuta timizere tonse.

"Katenge vanishi ndi bulashi," anatero. "Upake wekha. Fungo lake limandibanika m'chifuwa."

Linali bodza, chifuwa chake chinalibe vuto. Sanafune kuona basi. Masiku onse opaka ankakhala panja pa mpando, nsana ataulozetsa ku shedi, akumva bulashi ikuyenda.

M'mawa wa ulendo, mzime analongedza zikwama m'galimoto. Mkuluyo anatenga zingwe nalowa m'shedi. Kabwato kankanyezimira ngati uchi, ndipo mtima unamuwawa chifukwa cha kukongola kwake. Anatsinzina kuti akatsanzike ndi dzanja, kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo. Chakumphuno chikhatho chinaima. Panali malo ouma, opanda vanishi, aakulu ngati dzanja. Atatsegula maso anaona kamzere ka pensulo, kokhotakhota, kosachokera m'dzanja lake.

"Iwe mzime! Ichi n'chiyani?"

Mzime anali ataima pakhomo, makiyi ali m'manja.

"Sipanasalale, ababa."

"Pasalala apa ngati tsaya la khanda!"

"Manja anu akalamba. Lamulo ndi lanu lomwe, chinthu sichituluka chisanathe." Anamulanda zingwe zija n'kuzikoloweka pa msomali. "Ndipo musapakhudze. Pamenepo m'panga, ndidzakwecha ndekha ndikabwera."

Anamukumbatira mwachangu, nkhope ataibisa paphewa, kenako anathamangira ku galimoto osacheuka.

Mkuluyo anaima pageti mpaka galimoto inakhota. Atabwerera m'shedi anavundikira kabwato ndi nsalu yakale ya malemu kuti fumbi lisagwerepo, koma chakumphuno anasiya poonekera. Mwa chizolowezi anapititsa dzanja kukhutu, napeza pensulo palibe. Mwana uja anali atapita nayo.