Masiku a Esnala ku Kanyama

Esnala anachokera ku Mchinji kudzadwazika mkulu wake Felistus ku Kanyama, kutsidya kwa malire a dziko, koma masiku amene anamudindira m'pasipoti anatha wodwalayo asanadzuke. Anapita ku ofesi yoona za alendo kukapempha masiku ena.

"Nakuikilani sabata imozi, mayo. Aya masiku ni osiliza, sitizaikilako ena," anatero mayi wa pawindo. "Mukapitilila, bazakugwilani."

Pobwerera anapeza mlamu wake, ba Kalaba, akukapa madzi amvula amene analowa m'nyumba, ndipo anawafotokozera.

"Nkalani chabe," iwo anatero. "Nindani azakusakilani kuno?"

Felistus, ali chigonere, anagwira dzanja la Esnala. Esnala anamumwetsa phala, namusintha chitenje. Sabatayo itatha sanakwere basi ya kwawo, koma galimoto iliyonse ikaima pamsewu, ankasuzumira pazenera kuona ngati abwera kudzamugwira.